NTHAKA YA ANTHU NDI MALO A ALENDO: Mbiri Yochokera ku Phiri la Soche Kufikira ku Gombe la Nyanja

Mawu Oyamba

Chaka ndi chaka lipoti la Bungwe lisiya masamba owerengeka a mbiri, kuti mamembala, atatha kuwerenga za ndalama za m'thumba ndi za ntchito za Komiti, akumbukirenso za kumene anachokera. Chaka chino mbiriyo ndi ya nthaka, ndipo chifukwa chake chili poyera. Munthu woyenda pa msewu wa ku Mpemba, wa ku Chileka, wa ku Lunzu kapena wa ku Chigumula aona mipanda ya njerwa yozinga malo amene dzana ndi dzulo anali minda ya chimanga ndi nandolo. M'kati mwa mipanda ina mukumangidwa nyumba zogona alendo ndi malo a maluwa ochitirako maukwati ndi misonkhano. Mamembala ambiri, chinkana akhala mu Soche zaka zochuluka, ufa wa pakhomo pawo uchokerabe ku munda wa kumudzi, ndipo manda a makolo awo ali komweko. Chotero nkhani ya minda siili kutali ndi munthu wa m'tauni.

Mbiri ya dera lino ndi ya dziko lonse la Malawi ionetsa chinthu chimodzi mobwerezabwereza. Mudzi umene malire ake analembedwa pa mapu Boma lisanatsirize mapulani ake unatsala pamalo pake. Mudzi umene unadalira lonjezo la pakamwa, kapena chikalata cha mawu okoma chopanda malire oyezedwa, unasamuka. Zinali chomwecho m'masiku a khofi ndi fodya, zinali chomwecho pamene tauni inakula, ndipo zili chomwecho m'masiku ano a ntchito zokopa alendo.

Masiku a Kapeni

Eni dziko akale a mapiri a Shire anali Amang'anja. Ayao anafika kuchokera kum'mawa cha m'ma 1860, ndipo mmodzi wa mafumu awo, Kapeni, anamanga mudzi wake pa phiri la Soche. Nyengo imeneyo inali ya nkhondo ndi ukapolo, motero phiri linali linga la anthu, pamene minda inali m'munsi, m'zigwa za Naperi ndi Mudi. Angoni a Chikusi ataoloka Shire mu 1884, anthu ambiri a m'dera lino anapulumuka pothawira m'mapiri omwewa.

Mu 1876 Henry Henderson, motsogozedwa ndi Tom Bokwito, anasankha malo a Mishoni ya Mpingo wa ku Scotland pakati pa mapiri a Soche, Ndirande ndi Michiru, ndipo amishoni anakhazikikapo mu October chaka chomwecho. Kapeni anawalola, popeza anaona mwa iwo abwenzi oti amtchinjirize kwa adani. Mu 1878 kunabwera kampani ya African Lakes ya abale awiri, John ndi Frederick Moir, imene anthu anaitcha Mandala. Panalinso ena ofuna kulima khofi, monga John Buchanan ndi Eugene Sharrer, ndipo onsewa anapita kwa mafumu atanyamula nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga.

Apa ndi pamene panayambira kusamvana kumene kwasautsa dziko lino kufikira lero. Pa mwambo wa makolo, mfumu ikalandira mlendo imampatsa pokhala ndi polima, koma nthaka ikhalabe ya mbumba, ndipo mlendo akachoka malo abwerera kwa eni ake. Mphatso imene mlendo apereka ndi ulemu chabe. Koma kwa Mzungu wa masiku aja, pepala lokhala ndi chidindo cha chala cha mfumu linatanthauza kuti nthaka yagulidwa mpaka muyaya, pamodzi ndi mitsinje, mitengo ndi madambo ake. Anthu awiriwa anagwirana chanza, yense akuganiza zake, ndipo pamene mlandu unafika ku bwalo, pepala ndilo linayankhula.

Zikalata za Johnston

Dziko lino litalowa pansi pa chitetezo cha Britain mu 1891, Harry Johnston, Bwanamkubwa woyamba, anayamba mu 1892 kufufuza za malo onse amene Azungu ankati anagula. Amene anamkhutiritsa anawapatsa zikalata zotchedwa Certificate of Claim. M'mapiri a Shire mokha zikalatazi zinapereka maekala oposa 800,000, ndiyo nthaka yabwino koposa ya dera lino, ndipo Sharrer yekha anatenga maekala oposa 360,000.

M'zikalata zambiri Johnston anaikamo mawu otchinjiriza eni dziko, onena kuti midzi ndi minda imene inalipo pa tsiku la chikalata isasunthidwe popanda chilolezo cha Boma. Powerenga, mawuwa aoneka achilungamo. Koma palibe anayenda ndi unyolo kukayeza midziyo, palibe anakhoma zikhomo m'malire a minda, ndiponso palibe analemba maina a anthu otchinjirizidwawo. Ulimi wa makolo unali woti munda ukaguga ausiye ugone tsala, iwo akaswe mphanje kwina, ndipo mudzi womwe unkasuntha pakapita zaka. Tsono banja likangosiya munda wake wakale, mwini esiteti ankati chitetezo chatha, pakuti munda watsopanowo sunalipo pa tsiku la chikalata. Alomwe atayamba kulowa mwaunyinji kuchokera ku dziko la Apwitikizi, zinavutanso kusiyanitsa mbadwa ndi obwera, ndipo eni maesiteti anawayesa onse alendo pa nthaka yawo.

Mu 1903 Woweruza Nunan wa Bwalo Lalikulu, pa mlandu wokhudza kampani ya Blantyre and East Africa, anagamula kuti mbadwa zimene zinapezeka pamalopo sizinayenere kulipira lendi. Chigamulo chinali chabwino, koma ndani akanatha kutsimikiza pa bwalo kuti agogo ake analipo mu 1892, popanda buku la maina? Mawu a Johnston anakhala ngati nkhokwe yopanda denga.

Thangata ndi Madandaulo a Mabungwe

Chotsatira chake chinali thangata. Liwuli kale linkatanthauza kuthandizana pa ntchito, koma pa esiteti linasanduka ntchito yokakamiza yolipirira malo ogona ndi munda, ndipo inkafunidwa m'dzinja, nthawi imene munthu ayenera kupalira munda wake. Kuwawa kwa thangata pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero kunali chimodzi mwa zifukwa zimene John Chilembwe anaukira Boma mu January 1915. Mu 1928 Boma linapanga lamulo la anthu okhala pa maesiteti, limene linafafaniza mawu otchinjiriza aja ndi kulola eni malo kuchotsa gawo la anthu pa zaka 5 zilizonse.

Mabungwe a mbadwa, kuyambira la North Nyasa la mu 1912, ankalemba makalata odandaula za nthaka chaka ndi chaka, ndipo anali mabungwe omwewo amene anagwirizana mu 1944 kupanga Nyasaland African Congress mu Blantyre, Levi Mumba ali Pulezidenti woyamba ndipo James Sangala ali mmodzi wa oyambitsa ake. Mu 1946 Sir Sidney Abrahams, atafufuza za nthaka, analangiza Boma kugulanso malo amene eni maesiteti sanali kuwalima. Boma linayamba kugula, koma mwa pang'onopang'ono. Njala ya 1949 inapeza mabanja ambiri a boma la Blantyre ali ndi timinda tochepa tosatha kusunga chakudya cha chaka chachilala, ndipo mu 1953 kunabuka zipolowe ku Thyolo zimene muzu wake unali nthaka yomweyo. Thangata anathetsedwa mu 1962, patapita zaka 70 chiyambire zikalata zija. Cholakwa chimene chinachitika pa zaka zowerengeka chinatenga mibadwo itatu kuti chikonzeke, ndipo sichinakonzeke chonse.

Tauni Imeza Minda

Kuno ku Soche minda siinathe ndi mahotela, inatha ndi tauni. Komabe njira imene inathera ndi yomwe itsatidwa lero pa malo a alendo, chotero iyenera kufotokozedwa.

Blantyre inakhala ndi khonsolo yake mu 1895. Njanji inafika mu 1908, ndipo Limbe inakula pambali pake. Mu 1948 Boma linapanga lamulo la mapulani a matauni, ndipo m'zaka za m'ma 1950 linayala lokeshoni ya Soche pakati pa matauni awiriwa kuti mukhale antchito achikuda. Blantyre ndi Limbe zinaphatikizidwa mu 1956, Malawi Housing Corporation inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo mu 1966 tauniyi inakwezedwa kukhala mzinda. Malo a Zingwangwa, Bangwe, Chilomoni ndi Machinjiri anadulidwa mapoloti, pamene Ndirande anadzikulira yekha ndi khamu la ofuna ntchito.

Pa mapu a okonza mzinda panali mtundu wa nyumba zogona, mtundu wa mafakitale, mtundu wa masitolo ndi mtundu wa nkhalango za Boma za pa Soche ndi Ndirande. Munda wa mayi wa m'mudzi unalibe mtundu wake. Unaoneka ngati malo opanda kanthu oyembekeza chitukuko, ndipo chimanga chimene chilimidwa m'mphepete mwa misewu ndi mitsinje ya mzinda kufikira lero chilimidwa mongololeredwa. Lamulo la mafumu la 1967 linachotsa mphamvu za mafumu m'kati mwa mizinda, motero amene akanayankhulira mindayo analibe mpando pa khonsolo. Ufumu wa Kapeni lero uli cha ku Lunzu, kutali ndi phiri limene unayambira.

N'chinthu choyenera kuchilingalira kuti dziko la England, limene linali kulamulira Nyasaland, linapanga lamulo lake mu 1947 loletsa munthu kusandutsa munda kukhala malo a nyumba popanda chilolezo, ndipo linasiya lamba wa minda ndi msipu wozinga mzinda wa London. Nzeru yosunga minda ya pafupi ndi mzinda inalipo m'masiku amenewo, koma siinagwiritsidwe ntchito pa minda ya anthu a Kapeni, Somba ndi Machinjiri. Ndipo hotela yaikulu imene inamangidwa pakati pa mzinda chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 inatchedwa Mount Soche: dzina la phiri linapita ku mzinda kukalandira alendo, eni phiri natsala kunja kwa mapulani.

Kufika kwa Alendo Odzaona Dziko

Alendo odzangoona dziko anayamba ochepa. Hotela ya Ryall's inatsegulidwa mu Blantyre kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, ndipo Azungu a m'boma ndi a m'maesiteti anali ndi nyumba zopumulirako pa mapiri a Zomba ndi Mulanje ndi m'mbali mwa nyanja. Mu 1949 ndi 1950 ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC zinkaima ku Cape Maclear pa ulendo wa pakati pa England ndi South Africa, ndipo kumeneko kunali hotela yaikulu. Ndegezo zitasiya kubwera, hotelayo siinachedwe kutsekedwa. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo anthu a ku Chembe anaziona ndi maso: alendo anakamuka, asodzi natsala ndi nyanja yawo.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, Boma la Dr. Kamuzu Banda linaona kuti nyanja, mapiri ndi nyama zakutchire zingathe kubweretsa ndalama zakunja, makamaka kuchokera kwa alendo a ku South Africa ndi Rhodesia. Lamulo la nthaka la 1965 linaika nthaka yonse ya makolo m'manja mwa Pulezidenti ndi kupatsa Nduna mphamvu yoipereka pa lizi kapena kuisandutsa ya Boma. Munthu wochotsedwa ankalipidwa za nyumba, mitengo ndi mbewu zake, koma nthaka yeniyeniyo inkayesedwa yopanda mtengo. Pa maziko amenewa panakhazikitsidwa mapaki: Nyika mu 1965, Kasungu ndi Lengwe mu 1970, Liwonde mu 1973 ndi paki ya nyanja ya Malawi mu 1980. Zifukwa zake zinali zingapo, ndipo zina zinali zomveka, monga kusunga magwero a mitsinje ndi nyama zimene zinali kutha. Koma m'masiku a chipani chimodzi munthu wa m'mudzi sanali kufunsidwa, ndipo wokana ankayesedwa woukira.

Nyika ndi Chembe

Malo awiri aonetsa bwino kusiyana kumene kwanenedwa poyamba paja.

Mu 1978 Boma linakulitsa paki ya Nyika kuti itenge mapiri ndi zigwa zozungulira chitunda chija. M'malo amenewo munali midzi ya Aphoka ndi Atumbuka, ndipo anthu zikwi zingapo anasamutsidwa kupita ku malo otsika amene sanawazolowere. Minda, manda ndi malo a nsembe zinatsala m'kati mwa malire atsopano, ndipo munthu wobwerera kukafula uchi kapena kukaona manda a amayi ake anasanduka wakuba. Mkwiyo wa zimenezi unaoneka kwa zaka zambiri pa kupha nyama mozemba ndi kutentha tchire. Pambuyo pa 1994 Boma linayamba kukambirana ndi midzi yozungulira Nyika ndi Vwaza za kugawana phindu ndi kulola anthu kutengamo udzu, uchi ndi zina, koma midzi imene inachoka siinabwerere.

Ku Cape Maclear zinayenda mwina. Pokhazikitsa paki ya nyanja mu 1980, okonza mapu anadula malire mozungulira midzi ya asodzi, ndiyo Chembe, Msaka, Mvunguti, Zambo ndi Chizale, naisiya kunja kwa paki ngakhale yazingidwa nayo. Bungwe la UNESCO linalemba pakiyi m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984 chifukwa cha nsomba za mbuna, ndipo midziyo ilipobe mpaka lero. Moyo wake suli wopepuka: kusodza nkoletsedwa pa mtunda wa mamita 100 kuchokera ku gombe la paki, nkhuni zitoledwa ndi chilolezo, ndipo mudzi sungathe kukula kupyola malire ake chinkana ana achuluka. Komabe mwana wa ku Chembe agona pa nthaka ya agogo ake. Chimene chinampulumutsa ndi mzere wa pa mapu umene unalembedwa pa nthawi yake.

Koma mzerewo unali ndi polekezera. Unatchinjiriza mudzi kwa Boma, osatchinjiriza gombe kwa ogula. Alendo atachuluka, mabanja anayamba kupereka malo awo a m'mbali mwa madzi kwa omanga maloji, lino lero, linzake mawa, kufikira gawo lalikulu la gombe la Chembe linakhala la nyumba za alendo. Ena anapeza ntchito ndi msika wa nsomba, zosema ndi maulendo a pa boti, ndipo phindu limenelo ndi lenileni. Koma malo okokerapo ngalawa, oyanikapo makoka ndi ochapirapo anachepa, popeza palibe pulani imene inawapatula kuti akhale a mudzi wonse.

Ku Tanzania nakonso kuli phunziro. Mu 1959 Amasai anachotsedwa ku Serengeti nalonjezedwa kuti adzakhala mwamtendere ku Ngorongoro pamodzi ndi nyama. Mu 1975 ulimi unaletsedwa kumeneko, ndipo kuyambira 2022 Boma lakhala likusamutsa mabanja ena kupita kutali. Pangano lolembedwa nalo lifuna alonda pa mbadwo uliwonse.

Gombe la Mangochi

Pakati pa boma la Mangochi ndi Monkey Bay panalibe paki yochotsa anthu, panalibenso mzere wowatchinjiriza. Kumeneko nthaka inapita mwakachetechete. Kuyambira zaka za m'ma 1960, makampani ndi anthu achuma a ku Blantyre ndi Lilongwe ankafika kwa nyakwawa ndi kangachepe, nyakwawa n'kusaina fomu yovomera, fomuyo n'kupita kwa Bwana D.C. ndi ku Unduna wa za Malo, lizi n'kutuluka. Poloti imodzi siinaoneke ngati chinthu choopsa. Koma mapoloti atalumikizana mipanda, midzi ina inapezeka ili kuseri kwa makoma, ikulowera ku nyanja pa tinjira topapatiza, ndipo asodzi a chambo, utaka ndi usipa anayamba kupikisana pa madoko ochepa otsala. Zofanana ndi zimenezi zinachitika ku Senga Bay m'boma la Salima.

Mwa njira zonse zotayira nthaka, iyi ndiyo ifanana kwambiri ndi zimene zikuchitika m'mbali mwa Blantyre. Palibe msilikali wobwera ndi lole kudzasamutsa mudzi. Kubwera munthu waulemu wa galimoto, napeza banja lili pa vuto la fizi, la matenda kapena la ngongole, ndipo mwamuna kapena mwini mbumba agulitsa munda umene pa mwambo wa chikamwini uli wa amayi ndi ana awo aakazi. Ndalama zitha pa chaka chimodzi kapena ziwiri. Woyandikana naye, poona kuti njira ya ku dimba yatsekedwa ndipo mbuzi zake zilibe podyera, nayenso agulitsa. Chakudza sichiimba ng'oma.

Malamulo Amene Alipo Tsopano

Ufulu wa zipani zambiri utabwera mu 1994, nkhani ya nthaka inatsegulidwanso. Komiti ya Pulezidenti yofufuza za nthaka inagwira ntchito kuyambira 1996 kufikira 1999, ndipo mu 2002 Boma linavomereza ndondomeko ya dziko ya za nthaka. Malamulo ake anachedwa, nadzatuluka mu 2016, ndipo anakonzedwanso mu 2022. Atatu mwa malamulo a masiku ano akhudza nkhaniyi mwachindunji.

Loyamba ndi lamulo la nthaka ya makolo la 2016, limene lilola munthu kapena banja kulembetsa munda wake ndi kulandira chikalata, utayezedwa ndipo oyandikana nawo atavomereza malire. Lamulolo linakhazikitsa makomiti a nthaka pa gulupu, okhala ndi anthu osankhidwa ndi mudzi, amayi ali momwemo. Lilolanso kuti malo a onse, monga dambo, msipu ndi manda, azindikiridwe kuti sali a munthu mmodzi. Ichi ndicho chimene Johnston sanachite mu 1892.

Lachiwiri ndi lamulo la mapulani a malo la 2016, limene linalowa m'malo mwa la 1988 ndi kufikitsa ntchito ya mapulani ku dziko lonse, midzi yomwe. Tsopano nkotheka kuti munda ukhale ndi mtundu wake pa mapu a khonsolo, ndi kuti womanga loji pa malo olembedwa kuti ndi a ulimi akanizidwe chilolezo.

Lachitatu ndi lamulo la zachilengedwe, la 1996 ndi lolowa m'malo mwake la 2017, limene lifuna kuti ntchito zazikulu, monga mahotela a m'malo osalimba, ziyambe zaunikidwa kuipa ndi ubwino wake, anthu okhudzidwa atafunsidwa. Pamwamba pa izi, kuyambira pa lamulo la maboma aang'ono la 1998, zofuna za midzi ziyenera kukwera kudzera m'makomiti a chitukuko a m'mudzi ndi a m'dera kufikira ku khonsolo.

Malamulowa ndi abwino kuposa onse amene anawatsogolera. Koma kuyeza ndi kulembetsa minda kukuyenda pang'onopang'ono, ndipo ogula malo ali ndi liwiro loposa la oyeza malo. Lamulo silidziyendera lokha kukafika ku mudzi. Lidikira anthu oti alitenge.

Zimene Phiri Linaonetsa

Anthu otaya minda sathera m'malere, apita kwina. Ambiri a iwo, pamodzi ndi ena osowa mapoloti, anakwera m'mapiri a mzinda uno, namanga pa malo otsetsereka amene kale anali nkhalango ya Boma. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula ya masiku angapo, ndipo matope ndi miyala zinatsika pa phiri la Soche n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. Palibe membala wa Bungwe amene sanakhudzidwe ndi maliro a masiku amenewo. Phiri limene linapulumutsa anthu mu 1884 linawaphera ana mu 2023, chifukwa mapulani a zaka zoposa 100 anapeza malo a khofi, a njanji, a mafakitale ndi a mahotela, osapeza malo okwanira a munthu wosauka.

Bungwe silidana ndi alendo. Mwambo wa dziko lino ndi wolandira mlendo, ndipo ntchito zokopa alendo zidyetsa mabanja ambiri, ena a iwo mamembala omwe. Ku Majete, kumene bungwe la African Parks linayamba kusamala mu 2003, nyama zimene zinatha zinabwezedwa ndipo anthu a m'midzi yozungulira anapeza ntchito. Phiri la Mulanje linalembedwa m'kaundula wa UNESCO mu 2025, ndipo alendo opita kumeneko adzera mu mzinda uno. Adzafuna pogona, ndipo malo ogonawo adzamangidwa pa nthaka ya wina.

Chotero mbiriyi isiyira mamembala ntchito zooneka. Amene ali ndi munda kumudzi akambirane ndi mbumba yawo za kuuyezetsa ndi kuulembetsa, maina a amayi olima mundawo ali pa chikalata. Alimbikitse mafumu ndi makomiti a kwawo kuti madambo, manda, zitsime, madoko ndi njira zopita ku malo amenewa zilembedwe poyamba, wogula asanafike, pakuti zikalembedwa pambuyo pake zipeza mpanda utamangidwa kale. Pamene khonsolo ya mzinda kapena ya boma iitana anthu kudzamva za mapulani, apiteko ndi kuyankhula, ndipo afunse kuti minda yasonyezedwa pati pa mapu. Banja limene laganiza zopereka malo kwa womanga loji lilingalire za kubwereketsa kwa zaka zodziwika, pa pangano lolembedwa ndi lowerengedwa pamaso pa onse, m'malo mogulitsa kotheratu. Ndipo amene adziwa kuwerenga malamulo awawerengere abale awo m'chinenero chimene amva.

Kapeni analandira alendo mwa ulemu wa makolo, koma analibe womuwerengera pepala. Mabungwe a mbadwa anadziwa kuwerenga ndi kulemba, koma analibe mpando pamene mapu ankajambulidwa. Mbadwo uno uli nazo zonse ziwiri, sukulu ndi mpando, ndipo ana a mawa adzaufunsa za minda imene unaipeza.